Miphika Isanu pa Mafuwa Khumi ndi Awiri

Mawu amene mmodzi wa ophunzira akale adayankhula pamsonkhano wapachaka wa bungwe lathu pa Kamwendo, m'boma la Mchinji. Tawasindikiza monga adawayankhulira kuti anzathu amene sadathe kubwera awerenge.



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa mpata woima pamaso panu lero. A Mlembi atandiimbira lamya adandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha, koma ndisadzatalikitse chifukwa nsima ikazizira mlandu udzakhala wanga. Ndikudziwa kuti munthu wogwira ntchito m'boma akaimirira, anthu amayembekeza kumva za chitukuko kapena za penshoni. Mundikhululukire, ine ndabwera ndi phunziro la Physical Science la Fomu 3, lija ambiri a ife tidalisiya pakhomo la holo tsiku limene tidamaliza mayeso a MSCE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Mukukumbukira aphunzitsi athu aja, amene sindiwatchula dzina poti nonse mukuwadziwa. Iwo akangolemba ikweshoni pabolodi ankatembenuka, choko chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Pa zinthu ziwirizi, chiyambe kutha n'chiti?" Chinthu choyamba kuthacho ankachitcha limiting reactant. Ife tinkangoloweza, kulemba mayeso, basi n'kuiwala. Ine phunziroli ndidakakumana nalonso ku Chancellor College ku Zomba, koma nditayamba ntchito ya mu ofesi ndidaliiwala monga wina aliyense. Amene adandikumbutsa ndi alongo anga aakulu, ndipo adandikumbutsa ndi zilonda za m'manja mwawo.

Alongo angawo amakhala kumudzi kwathu, kufupi ndi pano pa Kamwendo. Monga mudziwa, kuno ku Mchinji mtedza ndiye chuma chathu, ndipo ambiri a ife fizi yathu idachokera m'matumba a Chalimbana. Tsono posankha mtedza pamatsala wonyala, wosweka ndi wachuku, umene suyenera kudyedwa kapena kugulitsidwa. Amayi a m'gulu lawo la banki m'khonde adaganiza zoyengetsa mafuta ku mtedza wotsalawo kuti azipangira sopo wochapira m'malo moutaya. Nzeruyo idali yabwino ndithu. Adabwereka ndalama m'gulumo, nagula kositiki soda ku Lilongwe. Mlingo wake adachita kumva kwa mayi wina amene adaonapo sopo akupangidwa kutsidya ku Chipata: chigubu cha malita 5 a mafuta, paketi imodzi ya soda. Za kukula kwa paketiyo palibe adafunsa. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Paketi imene iwo adagula idali ya magalamu 500.

Sopo woyamba sadagwire. Patapita milungu iwiri adali akadali phala, mafuta akuyandama pamwamba. Amayiwo adakhala pansi nagwirizana kuti soda adachepa, ndipo pamenepa adalondola. Koma ulendo wachiwiri adathira mapaketi awiri, kilogalamu yathunthu, m'malita 5 omwewo. Sopoyo adauma msanga, nayera mbuu, ndipo adayamba kumugulitsa pamsika. Sabata isadathe ogula adayamba kubweza, akuonetsa manja osupuka. Alongo anga, pofuna kutsimikizira anthu kuti sopoyo alibe vuto, adachapira zovala zonse za pakhomo. Zala zawo zidang'ambika kotero kuti kwa masiku angapo sadathe kugwira mthiko kapena khasu.

Usiku wina adandiimbira. "Achimwene, paja inu mudaphunzira za mankhwala kusukulu. Tandiuzeni, watilodzera sopo ndani? Tikathira pang'ono akukana, tikathira wambiri akuluma. Ngongole ya gulu nayo ikudikira."

Ndidati, "Alongo, palibe wakulodzani. Musapangenso wina, ndibwera Loweruka ndi sikelo."

Lachisanu usiku ndidafukula kope langa lakale, lija la chikuto chong'ambika, ndipo Loweruka ndidakwera minibasi ya ku Mchinji n'kutsikira pamphambano pano. Ndili m'njira ndinkadzifunsa kuti nkhani ya ma mole ndikaifotokoza bwanji kwa amayi amene ambiri mwa iwo sukulu adalekezera Sitandade 5. Yankho ndidalipeza kuseri kwa nyumba ya alongo anga, pamene padali mafuwa otsala paukwati wa mwana wawo.

Ndidawafunsa kuti, "Amayi, paukwati muli ndi miphika isanu ndi mafuwa khumi ndi awiri. Mutereka miphika ingati?" Onse adayankha pamodzi kuti inayi, wachisanu ukhala pansi. Ndidafunsanso kuti, "Nanga bwanji, poti mafuwa ndiwo ambiri kuposa miphika?" Mayi wina wachikulire adandiyang'ana ngati ndapenga, nati, "Bambo, mphika umodzi umafuna mafuwa atatu." Ndidawauza kuti phunziro lonse limene ine ndidavutika nalo mu Fomu 3 iwo alitha m'mphindi imodzi. Chimene chimalamula kuchuluka kwa nsima si chimene chikuoneka chochepa ndi maso ayi, koma chimene chiyambe kutha tikatsata mlingo wake. Mafuwa 12 ndi ambiri kuposa miphika 5, komabe mafuwa ndiwo ayambe kutha.

Sopo amayenda chimodzimodzi, ndipo mwamwayi mlingo wake ndi womwewo wa chimodzi kwa zitatu. Katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, ndiye adalongosola m'buku lake la m'chaka cha 1823 chimene chimachitika mafuta akakumana ndi mankhwala owawa ngati soda. Kanthu kakang'ono kwambiri ka mafuta, kamene timakatcha molekyu, kali ngati phata la gilisalini lokhala ndi michira itatu. Mchira uliwonse umafuna kanthu kamodzi ka kositiki soda kuti uduke n'kusanduka sopo. Motero molekyu imodzi ya mafuta imafuna tinthu titatu ta soda, ndipo pamatuluka mamolekyu atatu a sopo ndi imodzi ya gilisalini, yemweyu timagula m'mabotolo kuti tidzole m'nyengo yachisanu. Mafuta ndiwo mphika, soda ndiwo mafuwa. Ndinene pano kuti kositiki soda si soda wa therere uja ayi. Ndi achibale ndi chidulo chimene agogo athu ankacheza ku phulusa, koma ukali wake ndi woopsa.

Vuto ndi lakuti mafuwa timawaona ndi kuwawerenga, pamene mamolekyu sitingawaone. Apa ndipo pamabwera mole ija idatisowetsa tulo. Mole ndi dzina la chiwerengero, monga dazeni ili zinthu 12, kungoti mole imodzi ndi tinthu pafupifupi 6 wotsatidwa ndi maziro 23. Palibe munthu angawerenge chiwerengero chotere, choncho timawerenga popima, monga wogulitsa misomali amachitira. Iye sawerenga msomali umodziumodzi, amangoika pasikelo chifukwa akudziwa kuti kilogalamu imodzi ya misomali ya mainchesi atatu imakhala ndi misomali ingati. Mole imodzi ya kositiki soda imalemera magalamu 40. Mole imodzi ya mafuta a mtedza imalemera pafupifupi magalamu 885. Mole imodzi ya sopo wotulukapo imalemera pafupifupi magalamu 304.

Tsono tiyeni tibwerere m'kalasi pang'ono. Amene muli ndi cholembera mutha kulemba kuseri kwa pulogalamu. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi, kotero malita 5 titawaika pasikelo adalemera magalamu 4,600. Tikagawa 4,600 ndi 885 tipeza ma mole 5.2 a mafuta. Imeneyo ndiyo miphika yathu. Paketi ya soda ya magalamu 500 tikaigawa ndi 40 tipeza ma mole 12.5. Amenewo ndiwo mafuwa. Mukuona kuti ndi ukwati uja ndendende. Mafuwa 12.5 tikawagawa patatu akwanira miphika 4.2 yokha, pamene miphika ilipo 5.2. Soda ndiye adayamba kutha. Mole imodzi yathunthu ya mafuta, pafupifupi magalamu 900, kunena kuti pafupifupi lita imodzi, idatsala yosakhudzidwa, ndipo ndiwo mafuta ankayandama pamwamba aja. Ndipo poti soda ndiye adalamula, kuchuluka kwa sopo timakuwerengera kwa iyeyo, osati kwa mafuta. Mole iliyonse ya soda imabala mole imodzi ya sopo, choncho 12.5 kuchulukitsa ndi 304 zitipatsa magalamu 3,800. Ngakhale akadathira mgolo wonse wa mafuta, sopo weniweni sakadapitirira pamenepo.

Ulendo wachiwiri zinthu zidatembenuka. Kilogalamu imodzi ya soda ndi ma mole 25, okwanira miphika 8.3, pamene miphika ikadali 5.2 yomwe ija. Tsopano oyamba kutha adali mafuta. Ma mole 5.2 a mafuta amafuna ma mole 15.6 a soda, amene ndi magalamu 624, ndipo amabala sopo wolemera pafupifupi magalamu 4,740. Pa magalamu 1,000 amene adathira, magalamu 376 adasowa mafuta oti agwire. Kunena kwina, pa paketi yachiwiri ija magalamu 124 okha ndiwo adagwira ntchito. Otsalawo sadapite kulikonse. Adakhala m'sopomo kudikira manja a alongo anga, chifukwa kositiki soda sasiyanitsa mafuta a mtedza ndi khungu la munthu.

Mfundo yakuti chinthu sichingosowa idakhazikitsidwa ndi Antoine Lavoisier, amene adailemba m'buku lake la m'chaka cha 1789. Kulemera kwa zimene waika n'kofanana ndi kulemera kwa zimene zatuluka. Onani pa sopo wathuyu: magalamu 885 a mafuta ndi 120 a soda apanga 1,005, ndipo mbali inayo magalamu 913 a sopo ndi 92 a gilisalini apanganso 1,005. Ife a m'boma timati mabuku agwirizana. Chimene sichidalowe m'ntchito chimatsala, ndipo funso limene wopanga chinthu aliyense ayenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi chotsalacho chikhale chiti?

Funso limeneli ndilo lidatitsogolera paulendo wachitatu. Mafuta akatsala pang'ono m'sopo amangofewetsa khungu, koma soda akatsala amawotcha. Motero wopanga sopo wanzeru amasankha dala kuti soda ndiye ayambe kutha. Pa magalamu 624 aja tidachotsapo magawo asanu pa zana, n'kupima magalamu 590. Tidamusungunula m'madzi okwana lita imodzi ndi theka, n'kumusiya kuti azizire, kenaka n'kuthira m'mafuta tikutakasa mpaka zidalimba ngati phala la mwana. Tisadathire n'komwe m'zikombole ndidawauza amayiwo kuti ayembekeze sopo weniweni wokwana pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka ndi gilisalini pafupifupi magalamu 450, ndi kuti mtanda wonse ulemera kuposa pamenepo chifukwa madzi ndi mafuta otsala aja ali momwemo. Ndidawachenjezanso kuti zimene timapeza papepala ndiwo malire apamwamba. Wina amatsalira m'ndowa, wina pamthiko, ndipo madzi amauma pang'onopang'ono. Adamuyanika pamthunzi milungu isanu ndi umodzi asadagulitse. Woyamba kumuchapira adali alongo anga omwewo, ndipo madzulo ake adandiimbira, nati, "Achimwene, fizi ija sidapite pachabe." Ngongole ya gulu adabweza, ngakhale kuti padapita nthawi kuti ogula aja ayambenso kuwakhulupirira.

Popeza ndikudziwa kuti ena mwa inu mukachoka pano mukayesa, ndinene zinthu zingapo. Mafuta amasiyana. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mtedza kapena a mpendadzuwa imafuna soda pafupifupi magalamu 135, ya mawese a ku Karonga kapena mafuta a ng'ombe pafupifupi 140, pamene ya mafuta a kokonati imafuna oposa 180. Sopo wa mafuta a mtedza okha amachedwa kuuma, n'chifukwa chake ambiri amasakaniza ndi mawese, koma mukasakaniza muwerengere mtundu uliwonse pawokha. Pimani pasikelo, osati ndi kapu kapena paketi. Soda muzimuthira m'madzi, osati madzi m'soda, chifukwa amatentha kwambiri ndipo atha kukuthovukirani kumaso. Musagwiritse ntchito poto wa aluminiyamu chifukwa soda amamudya. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo akakugwerani tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Paketi muzitseka bwino, poti soda amayamwa chinyezi ndi mpweya n'kuyamba kulemera kwinaku mphamvu ikuchepa. Koposa zonse muikeni patali ndi ana, chifukwa amaoneka ngati shuga.

A Wapampando, ndiloleni nditchule malo ena amodzi amene funso la aphunzitsi athu lija limakhudza moyo wa munthu. Miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira, ndipo ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera. Makala ndi kaboni. Magalamu 12 a kaboni amafuna magalamu 32 a okosijeni kuti apse bwino n'kutulutsa carbon dioxide. Okosijeni akachepa, makala salekeratu kuyaka ayi, koma amatulutsa wambiri mpweya wina wotchedwa carbon monoxide, umene umangofuna theka la okosijeni ameneyo. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umakakamira m'magazi kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Tiyeni tiwerengenso. Kilogalamu imodzi ya kaboni ndi ma mole 83, ofuna okosijeni pafupifupi malita 2,000. Chipinda cha mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi ndi awiri ndi theka kutalika chili ndi mpweya malita 22,500, koma okosijeni ndi magawo 21 okha pa zana, pafupifupi malita 4,700. Mbaula imodzi yodzaza itha kudya pafupifupi theka la okosijeni wa m'chipindamo, anthu ogonamo akupumanso yemweyo. M'chipinda chotseka makala amakhala akadalipo pamene mpweya wabwino ukutha. Munthu amayamba kumva mutu, kenaka tulo tokoma, ndipo m'mawa anthu amachita kuthyola chitseko. Chonde, pogona mbaula izituluka panja, ndipo ikakhala m'nyumba zenera likhale lotsekula. Mukauze makolo kumudzi ndi ana athu amene akukhala m'nyumba zalendi pafupi ndi sukulu.

Tsono ndifike pachimene ndaimira pano. M'mawa muno tisadayambe msonkhano, aphunzitsi a sayansi adandiyendetsa mu labotale. Masiku ano ana amaphunzira Chemistry payokha, osati yophatikiza ndi Physics monga m'nthawi yathu, ndipo mutu wa ma mole ukadalipo. Chipinda chilipo. Mphunzitsi alipo, wachinyamata ndi wakhama. Ana alipo, ochuluka kuposa m'masiku athu. Koma sikelo yopimira magalamu idawonongeka, ndipo mabotolo ambiri a mankhwala angotsala ndi mapepala a maina. Sindikuloza munthu chala, chifukwa ine ndimagwira ntchito kumene ndalama zimagawidwa ndipo ndikudziwa mmene thumba limachepera. Ndivomerenso kuti ineyo sikelo yotere ndidakaigwira koyamba ku Zomba. Zaka zinayi zonse pano ma mole ndinkangowaona pabolodi, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake ndidawaiwala msanga.

Chaka chatha pamsonkhano ngati uno ena tidanena zopenta holo, ena zomanga chipata chokhala ndi dzina la bungwe lathu. Zonsezo n'zabwino ndipo nthawi yake idzakwana. Koma tidzifunse funso la aphunzitsi athu lija: mu labotalemo chayamba kutha n'chiti? Tikawonjezera penti tikhala ngati amayi owonjezera miphika pamene mafuwa atha. Pempho langa kwa komiti ndi lakuti ndalama zimene tisonkhe lero zipite poyamba ku masikelo awiri opima mpaka gawo limodzi la magawo khumi a galamu, magalasi oteteza maso okwanira kalasi imodzi, magolovesi, ndi mankhwala amene aphunzitsi atilembere pamndandanda. Mafuta a mtedza ndidzabweretsa ndine. Alongo anga avomera kudzaima pamaso pa ana a Fomu 3 teremu ikubwerayi kuti adzawaonetse mmene sopo amapangidwira, ndipo zipsera za m'zala zawo akuti adzaziwonetsa okha. Mwana aliyense adzapime yekha, awerengere yekha chimene chiyambe kutha, anene sopo amene akuyembekeza asadathire, kenaka adzapime chimene chatuluka.

Mutu umodzi susenza denga. A Msungichuma akhala pakhomo paja ndi kope, ndipo ine ndalemba kale dzina langa pamzere woyamba. Anzathu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi amene ali ku Johannesburg, mukawerenga mawu ano m'kalata yathu, mulumikizane ndi a Mlembi mwezi uno usadathe kuti sikelo ifike teremu isadayambe.

Ndaona a Mlembi ayang'ana wotchi kawiri, ndipo fungo la ndiwo lafika kale muno.  Mulungu adalitse sukulu yathu.